Timphemvu Tokana Kuiwala

Lolemba

Chubu cha nyale yofufutira chapsa! Chapsa chili m'manja mwa a Nyirenda eni shopu, osati mwa ine. Ndayamba ndi zimenezi kuti zidziwike.

Pa benchi pagona timphemvu titatu. Dzina lake lenileni akuti ndi ipuromu, koma ndi takuda, tamiyendo yambirimbiri, ndiye ine ndimangoti timphemvu. Tachokera mu sikelo yamagetsi ya anthu ogula khofi. Kalikonse kali ndi kazenera pamsana, ndipo m'kati mwake mumakhala malangizo amene sikelo imatsatira. Malangizowo asokonekera, sikelo yayamba kunama. Kuti a Nyirenda alembemo atsopano, akale afufutike kaye. Safufutika ndi labala, safufutika ndi sopo. Amafufutika ndi kuwala kolowera pa kazenera, kuwala kwa mtundu wakewake kotchedwa yuvi.

Ndiye nyale yake ndi imene yapsayo.

A Nyirenda akupita ku Karonga kukakonza mawailesi, abwera Lamulungu. Chubu chakupsacho akutenga, mwina akapeza chinzake kumeneko. Avala kale jekete, chikwama chili m'manja, ndiye akutembenuka:

"Iwe msungwana, nyale za yuvi zilimo m'tauni muno, kungoti eni ake sadziwa. Dzuwa nalo lili nayo pang'ono. Ndikadzapeza timphemvu tako taiwala zonse, mpando uwo ndi wako. Ndikuphunzitsa kuwotcherera mawaya."

Mpando! Mpando wachiwiri wa pa benchi, umene panopa pakhala wailesi yopanda msana. Chibwerere m'shopu muno ntchito yanga ndi kusesa, kupukuta fumbi, kuwiritsa tiyi. Mpandowo ndimaupukuta tsiku lililonse koma sindinaukhalepo.

Ndipo alamu, amene ndikukhala kwawo ku Chibanja, ananena kale, ananena pamaso pa achemwali: "Kusesa akhoza kukasesa ku Ntchisi." Mwezi uno ukatha ndisanayambe kuphunzira ntchito yeniyeni, andikweza basi ya kumudzi. Mwezi ukutha sabata yomwe ino.

Zimene a Nyirenda andiuza:
- kuwala kwake ndi kwa buluu
- ndisayang'ane, kumawononga maso
- kazenera kakhale koyera, popanda kafumbi ngakhale kamodzi
- ndikafuna kudziwa, ndiike kamphemvu m'kabokosi koyesera, ndidine batani. Nyale yofiira, kakukumbukirabe. Yobiriwira, kaiwala.

Ndimafuna kufunsa kuti nyale yoyenera ndikaizindikira bwanji. Ndachedwa ndi kukonza mawu. Iwo atuluka.

Nyale yakale ija sindinaionepo ikuyaka. Imakhala m'kabokosi kotseka, ndipo anandiuza kuti ndisamayang'ane, ndiye sindinayang'ane. Chimene ndikudziwa ndi fungo lake lokha, ngati la mvula ya mphenzi.

Vuto lalikulu: nyale zili ndi eni. Eni ake ndi anthu. Anthu amafuna kuwalankhula.

Ndiyamba ndi zopanda eni. Ndaika timphemvu pamwamba pa shelefu, pafupi ndi chubu choyera cha kudenga. Tigone pomwepo nyale ili chiyakire.

Lachiwiri

Yofiira. Yofiira. Yofiira.

Palibe kanthu! Lero ndi dzuwa. Dzuwa lilibe mwini, silifunsa mafunso.

Koma ndaiwala kuti kuno ndi ku Mzuzu, ndipo ino ndi nyengo yozizira. Chifunga chokhachokha. Mitengo ya tsidya la msewu sikuoneka. Kamvula kowaza kaja, kosanyowetsa koma konyowetsa.

Ndatulutsa timphemvu pa sosala, ndaika pa mpanda wa kuseri. Adani atulukira pomwepo:
- madontho a mvula
- fumbi la malole
- khwangwala wina, amene watera pafupi n'kumayang'ana tizenera mopendeketsa mutu

Ndaganiza, ndaganiza, ndapeza nzeru. Botolo la jamu! Ndalitsuka ndi sopo, ndalitsukuluza, ndalitsukanso, ndalipukuta ndi nsalu yatsopano mpaka likulira. Ndayala kathonje pansi, ndagoneka timphemvu tizenera tili m'mwamba, ndatseka chivindikiro zolimba, botolo ndaligoneka cham'mbali. Kuwala kumadutsa galasi, aliyense amadziwa. Kazenerako nako si galasi kodi? Tsopano fumbi silingalowe, mvula singalowe, khwangwala wakwiya wapita.

Ndikudzitama pang'ono. Sindinafike ku sekondale, koma mutu ulipo.

Dzuwa latuluka masana ngati mlendo wosokera: kusuzumira, kupepesa, n'kubwerera. Ndathamanga nalo botolo kuchoka pa mpanda kupita pa mulu wa njerwa, kuchoka pa njerwa kupita pa denga la chimbudzi. Mayi osoka a khomo loyandikana atulutsa mutu: "Mukuyanika vichi, mama?" Ndangomwetulira. Iwo aimabe. Ndamwetuliranso mpaka masaya kuwawa.

Madzulo: zofiira zonse.

Mawa ndilankhula ndi munthu. Ambuye ndithandizeni.

Lachitatu

Ku butchala ya kumsika kuli nyale ya buluu yophera ntchentche. Ndinaionapo ndili kumbuyo kwa achemwali.

Mawu ndakonzeratu, ndawabwereza njira yonse: "Zikomo bambo, ndikupempha kubwereka kuwala kwa nyale yanu."

Pa geti la msika achinyamata a chipani akufunsa makhadi. Langa lili m'pulasitiki, pulasitikiyo m'kansalu, kansaluko komanga mfundo ziwiri. Mzere wonse ukundidikira ndikumasula. Wina kumbuyo akuti, "Mama, mwaliika ku banki?"

Ndalowa mu butchala. Bambo wake ndi wamkulu thupi, chikwanje m'manja. "Enya, mama?"

Pakamwa panga patuluka: "Mafupa."

Ndatuluka ndi mafupa.

Ndazungulira msika, ndaona kabichi, ndaona usipa, ndabwereranso. Ulendo uno ndanena mawu onse, maso ali pa simenti. Bambo aja aseka mpaka chikwanje kuchiika pansi. "Kubwereka kuwala? Nanga mudzabweza liti?" Koma ndi munthu wabwino. Amanga botolo langa ndi chingwe, alipachika pa ngowe ya nyama, pakati pa mwendo wa mbuzi ndi nyale ija.

Ndakhala pa kabenchi, nkhope kukhoma, kuopa maso. Ntchentche zikuthetheka, tche! tche! Mayi wina wogula akufunsa ngati za m'botolozo ndi zogulitsa.

Yofiira. Yofiira. Yofiira.

Botolo likununkha mbuzi. Galu wa kumsika wandiperekeza mpaka ku Chibanja, ndipo sakuoneka kuti abwerera.

Zabwino za lero:
- ndalankhula ndi munthu wosamudziwa ndipo sindinafe
- achemwali akondwa ndi mafupa
- bambo a butchala andiuza za nyale ina, ya ku disiko, njira ya ku Katoto. Akuti imeneyo ndiye yoopsa, "imaonetsa ndi machimo omwe"

Lachinayi

Ku disiko. Ine!

Ndasankha masana, nthawi imene kulibe anthu. Ndavala siketi yanga yaitali kwambiri ndi bulauzi yoyera ya ku tchalitchi, kuti aliyense aone kuti sindine wa kumeneko. Botolo ndabisa m'chitenje.

Ndapeza bambo wina akukolopa. Mawu lero atuluka ulendo woyamba womwe! Iye sanafunse zambiri. Akuti kuno anthu amapempha zodabwitsa kuposa pamenepa. Watseka makatani, wayatsa.

Mayo ine!

Chubu chake ndi chakuda, kuwala kwake kofiirira, ndipo mumdimamo bulauzi yanga ikuyaka ngati mwezi. Zikhadabo zikuyaka. Mano a bamboyo akuyenda okha m'malere. Ndinayenera kutseka maso, koma ndaona chinthu choopsa: pa siketi yanga, imene ndinachapa ndekha ndi kusita ndekha, pali timaulusi, timadontho ta sopo, tizinthu tosawerengeka. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyenda chonchi? Anthu osandiuza?

Botolo lili pa sipika, ine ndili pakona kutola timaulusi. Ndatola mpaka bamboyo wati akufuna kukadya.

Ndikutuluka, maso akadali mumdima, botolo m'chitenje. Ndaiwala chinthu chimodzi. Lero ndi Lachinayi. Amayi a ku mpingo akuchokera ku mapemphero awo, onse mu yunifolomu, mzere wautali, akuimba chapansipansi. Wachitatu pa mzerewo ndi achemwali.

Nyimbo yafa.

Achemwali atuluka pa mzere. Angosolola botolo m'chitenje changa, atsegula, anunkhiza. Mayi wina wanunkhizanso. "Mbuzi," watero, ngati wakhumudwa.

Ndafotokoza njira yonse ya ku Chibanja. Achemwali akuti akundikhulupirira, koma ndikanawauza, akanandiperekeza, ndipo akanavala zina.

Ndinadutsira ku shopu. Zofiira.

Pa chakudya chamadzulo alamu akulankhula ndi mbale yawo: "Basi ya kumudzi imanyamuka m'mamawa. Ndi bwino munthu kulongedzeratu." Kenako akudzigwira m'khosi, akuti tsitsi lafika pa kolala, ku ofesi angawanene. Achemwali akuti apite kwa a Gondwe ometa aja, agula kabati yatsopano yophera tizilombo pa malezala ndi masizasi, ya nyale m'kati.

Nyale m'kati!

Ndatsamwa ndi nyemba.

Lachisanu

Pometera pa a Gondwe ndi podzaza. Amuna okhaokha, pa benchi, pakhomo, ena panja. Tsitsi lalitali ndi mlandu, ndiye a Gondwe sasowa anthu. Phokoso! Mpira, maenje a mumsewu, ndiponso bambo wina wa jekete yachikopa, amene ali pa mpando akumetedwa, akudandaula mokweza kuti shuga wasowa m'masitolo monse, tiyi akumwera mbatata.

Ndaima pakhomo. "Odi." Palibe wamva. "Odi." Galu uja, amene wanditsatanso, wauwa. Onse acheuka.

A Gondwe ndi aulemu. "Monire, mama. Timete kapena mwasokera?"

Ndapempha. Atsegula kabati kuti achotse masizasi, ndipo fungo landipeza. Mvula ya mphenzi! Lomwe lija la nyale yathu! Ndatseka maso msangamsanga. Ndi iyi. Ndi iyi ndithu!

A Gondwe akuti, "Tulutsani tinthu tanuto, tiike pa shelefu."

Ndatsegula diso limodzi, ndayang'ana pansi. Tsitsi. Pa mipando tsitsi. M'malere timatsitsi tikuuluka. Kamodzi kokha katatera pa kazenera? Ayi. Ndati, "Zikomo, tikhale m'botolo momwemo." Ndalimbitsanso chivindikiro.

Botolo lalowa, kabati yatsekedwa. Ndiye a Gondwe afunsa: "Kodi tinthu timeneti ntchito yake n'vichi?"

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina chimwemwe. Ndalankhula mokweza, chiganizo chachitali kuposa zonse za chaka chino:

"Timasunga zinthu m'kati, ndipo tikasunga sitiiwala, ngakhale magetsi azime, ngakhale papite zaka."

Wina pa benchi wati, "Ndinaona. Tili ndi diso pamsana."

Zii.

Sizasi yaima m'malere. Wailesi yokha ndiyo ikulankhula. Bambo wa jekete yachikopa wakhosomola, wayang'ana kabati, wati, "Komatu misewu yathu ndi yabwino chomene. Chitukuko chikuoneka." Onse avomera pamodzi ngati kwaya. Kenako wakumbukira kuti wasiya madzi pamoto. Watuluka mutu wometa mbali imodzi. Ena akumbukiranso zinthu zosiyanasiyana.

Ndimafuna kunena kuti tilibe makutu. Mawu anga anali atatha.

Ndadikira panja nthawi yaitali, yoposa imene a Nyirenda amadikira, kuti ndisakayike. A Gondwe andipatsa botolo atagwira ndi thaulo.

Kufika ku shopu, magetsi azima. Sindingayese lero. Koma ndikudziwa! Fungo silinama.

Madzulo ano ndasoka kakhushoni ka pa mpando, ka nsalu yotsala ya diresi ya achemwali. Ka maluwa achikasu. Ndayeza ndi chikhatho, kakwana.

Loweruka

Magetsi abwera.

Yofiira.

Ndapukuta timiyendo, ndaikanso. Yofiira. Kachiwiri, yofiira. Kachitatu ndadina batani nditatseka maso ndi kupemphera. Yofiira.

Ndakhala pansi pa simenti, pafupi ndi mpando. Khushoni lili m'chikwama.

Mwina nthawi inachepa? Ndathamangira kwa a Gondwe. Pometera pali mbee, iwo akusesa posesa kale. Andiona ndili patali, aima pakhomo, manja onse m'mwamba. "Yayi, mama. Yewo chomene, koma yayi. Ndili ndi ana."

Pobwerera, chodabwitsa. Anthu akundipatsa moni! Wa njinga watsika. Wogulitsa nyuzi wavula chipewa. Onse maso pa chitenje changa, pamene pali botolo.

Ku shopu ndapeza bambo wa jekete yachikopa akundidikira, chipewa chaubweya chofika m'makutu, phava la nthochi m'manja. Akuti ndi la ine, palibe chifukwa, wangoganiza. Kenako waweramira botolo pa kauntala, walankhula pang'onopang'ono kuti limve bwino: "Shuga alipo wambiri. Ine ndi amene sindinafufuze bwino."

Ndati, "Bambo, tilibe makutu. Timangosunga za sikelo."

"Enya, enya. Ndi zimene munganene."

Ndafotokoza kuyambira pa chiyambi: khofi, sikelo, kazenera, yuvi. Wamvetsera. Kuti asaoneke kuti anabwerera botolo, wasiya tochi yoti tikonze. Tochiyo ikuyaka bwinobwino.

Atangotuluka, wina walowa. Kenako awiri. Onse a pometera dzulo, ndi ena amene angomva. Aliyense wabwera ndi wailesi, kapena ayironi, kapena wotchi, ngati chifukwa cholowera, ndipo aliyense akufuna kuona "tinthu tija". Aliyense ndamufotokozera. Aliyense ndamufunsa dzina ndi vuto la katundu wake, ndamata kapepala, ndasanja pa shelefu, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Mayi osoka aja abwera ndi wailesi yawo naonso, akuti, "Kani mumayowoya!" Ankayesa kuti ndine wosalankhula.

Pofika madzulo:
- mashelefu adzaza
- mawu anga asasa
- nthochi, chinangwa chophika, mazira awiri
- timphemvu tikukumbukirabe chilichonse

Kunyumba achemwali atsitsa sutikesi yanga pamwamba pa kabati. Akuipukuta osandiyang'ana. Akuti kumudzi nako ndi kwabwino, kulibe chifunga. Mphuno yawo ikutuluka madzi, akuti ndi chimfine.

Ndapinda zovala. Siketi ija ndaitolanso timaulusi, ngakhale sindikutiona.

Lamulungu

Ku tchalitchi amayi a Lachinayi andiyang'ana mwachifundo. Mmodzi wandigwira dzanja nthawi yaitali.

Tikutuluka, ndapita ku shopu kukasiya kiyi. A Nyirenda afika kale. Chubu sanachipeze. Nkhani yanga aimva asanatsike n'komwe basi, akuti ku depoti anthu akunena kuti shopu yawo ili ndi makina omva zolankhula za m'tauni monse.

Ndaika botolo pa benchi. Ndati, "Ndalephera, abwana. Ndayesa dzuwa, ya ntchentche, ya ku disiko, ya a Gondwe."

"Ya a Gondwe yakana? Imeneyo ndiye yeniyeni!" Anyamula botolo, aliyang'ana, andiyang'ana. "Unatiika muli muno?"

"Kuopa fumbi."

"Sabata yonse?"

"Ndinalitsuka bwino."

Aseka. Aseka mpaka kukhala pa mpando wanga uja, pamwamba pa wailesi yopanda msana. Akupukuta misozi ndi tayi. Akuti dzuwa likanatenga masabata, ya ntchentche ndi ya ku disiko ndi yuvi wofooka, sizikanatheka. Koma ya a Gondwe ikanamaliza ndisanamalize kupereka moni. Kungoti galasi wamba limatchinga kuwala kumeneko. Kazenera kaja si galasi wamba, ndi mwala wina woonekera. Ine ndinatimangira nyumba yabwino yoti tisaiwale kanthu mpaka kalekale.

"Ndinati popanda fumbi, msungwana. Sindinati uwamangire tchalitchi."

Atulutsa timphemvu, atiika pa sosala poyera, tapita kwa a Gondwe. Iwo atationa afuna kutseka chitseko. A Nyirenda akuti, "A Gondwe, kabati yanuyi ndi imene imaiwalitsa tinthuti. Mukufuna tizikumbukirabe?" Chitseko chatseguka chokha. Amuna ena atulukira kaya kuchokera kuti, aima pakhomo kuonetsetsa kuti kabati yatsekedwa bwino. A Nyirenda akhala pa mpando, ametetsa. Pomaliza kumeta, basi.

Ku shopu andilola kudina batani ndine.

Yobiriwira. Yobiriwira. Yobiriwira.

Ndi yokongola, nyale imeneyi. Sindinadziwe.

Ndayang'ana mpando. A Nyirenda aona. "Pangano ndi pangano, mama. Wafufuta ndine." Za kuwotcherera mawaya akuti tidzaona mvula ikayamba.

Kenako ayang'ana mashelefu. Awerenga timapepala tanga kamodzikamodzi. Afunsa kuti anthu onsewa anawalandira ndani. Avalanso jekete, akuti tiye ku Chibanja.

Akhala ndi alamu pabalaza, ine ndi achemwali tikumvetsera kukhitchini. Akuti kuyambira mawa ndine wa pa kauntala. Kulandira makasitomala, kuwafunsa, kuwafotokozera, kuwapepesa katundu akachedwa. Iwo atopa nazo, akufuna azingokhala pa benchi. Alamu akuti, "Pa kauntala? Imeneyo ndi ntchito." Achemwali andikumbatira ndi chipande m'manja.

Sutikesi yabwerera pamwamba pa kabati.

Ndiye ndikhala ku Mzuzu. Ndimafuna kakona ka phee, nsana kwa anthu, ine ndi mawaya. Ndapeza khomo, nkhope kwa anthu, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Pa kauntala palibe mpando. Amaima.

Khushoni wagonera galu.

Botolo ndalitsukanso. Achemwali akuti tizisungiramo shuga. Ndamva kuti alipo wambiri.

Panopa lili pa tebulo lopanda kanthu, ndipo ndikuyeserera pa ilo. "Monire, tikuthandizeni?" Mawu akutuluka, koma chapansipansi. Ndibwerezanso. Ili lokha ndi limene sindiliopa, ndikudziwa kuti silidutsitsa kanthu.